Kodi utoto wamadzi ndi wongophunzirira basi?

Mmodzi mwa inu owerenga wandilembera imelo yofunsa kuti: "Ndayamba kujambula ndi utoto wosungunula ndi madzi, uja amati watercolour. Anzanga akuti umenewu ndi wa ana, katswiri amajambula ndi utoto wamafuta. Kodi luso limeneli linachokera kuti, ndipo anzangawa akunena zoona?"

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Zimene anzanuwo akunena zinayamba kunenedwa kalekale, ndipo ine ndimakana ndithu.

Kusungunula utoto ndi madzi n'kwamakedzana. Aiguputo ankajambula choncho pa gumbwa, ndipo ku China kujambula ndi burashi, inki ndi madzi kunali luso la anthu ophunzira, lolemekezeka ngati kulemba ndakatulo. Ku Ulaya timakumbukira Albrecht Dürer wa ku Germany, amene mu 1502 anajambula kalulu mwaluso lakuti ubweya wake umaoneka tsitsi lililonse palokha. Komabe kwa zaka zambiri pambuyo pake utotowu unkangotumidwa ntchito za ena: kujambula zomera za m'mabuku a sayansi, mapu, ndi zimene apaulendo aona. John White anapita nawo ku America mu 1585 n'kujambula anthu ndi midzi ya kumeneko. Anthu ankati zimenezi ndi umboni wa ulendo, osati zithunzi zopachika pakhoma.

Kusintha kwenikweni kunachitikira ku England, ndipo kunayambira pa zipangizo. M'zaka za m'ma 1750 James Whatman anayamba kupanga pepala losalala, lopanda mizera ija inkasokoneza utoto. Mu 1781 William Reeves analandira mphoto chifukwa cha timibulu ta utoto touma, tongofuna burashi yonyowa. Kuyambira pamenepo wojambula ankatha kuika utoto m'thumba, kukwera phiri, n'kujambula mtambo usanasunthe. Thomas Girtin ndi J.M.W. Turner, onse obadwa mu 1775, anapeza zinthu zili chonchi. Girtin anamwalira mu 1802 ali ndi zaka 27 zokha, koma anali ataonetsa kale kuti utoto wamadzi ungasenze chigwa chonse ndi thambo lake. Turner ndiye anafika nawo patali, mpaka nkhungu ndi kuwala kwa dzuwa panyanja zinakhala nkhani yeniyeni ya chithunzi.

Ngakhale zinali choncho, ku Royal Academy, bungwe lalikulu la akatswiri ojambula ku London, zithunzi zamadzi sizinkapatsidwa ulemu wofanana ndi zamafuta. Ojambula ena anatopa nazo, n'kukhazikitsa bungwe lawolawo mu 1804, la Society of Painters in Water Colours, ndipo chaka chotsatira anachita chionetsero chawo choyamba ku London.

Chimene chimandikhudza mtima ndi mmene utotowu umagwirira ntchito. Ndi ufa wa mtundu womangidwa ndi utomoni wa mitengo ya mthethe, ndipo ukauma umaonekera mkati. Kuwala kumadutsa mu utoto, kukagunda pepala loyera, n'kubwerera m'maso mwanu. Choncho kuyera kwa chithunzi ndi pepala lomwelo limene wojambula walisiya dala. Wamafuta akalakwitsa amapaka wina pamwamba. Wamadzi amayenera kudziwiratu malo osakhudza asanaviike burashi. Ndiye amene akuti zimenezi n'zosavuta, sanayesepo.

Akatswiri ena anapitiriza. Winslow Homer ku America anajambula asodzi ndi nyanja, Paul Cézanne ankasiya mbali zazikulu za pepala zili mbee, ndipo Paul Klee atapita ku Tunisia mu 1914 anabwerako ndi zithunzi zamadzi zimene zinasintha kajambulidwe kake.

Chofooka chake chilipo: utotowu umasuluka ndi dzuwa. N'chifukwa chake Henry Vaughan, wosonkhanitsa zithunzi amene anamwalira mu 1899, posiyira nyumba zosungira zithunzi za ku Edinburgh (Scotland) ndi ku Dublin (Ireland) zithunzi za Turner, analamula kuti zizionetsedwa mu Januwale mokha, pamene dzuwa la kumeneko limakhala lofooka. Inunso zanu musazipachike pamene dzuwa limaomba.