Za Ubuntu wanu wosaoneka pa netiweki

Achimwene a ku Chikanda, mwafunsa kuti bwanji Ubuntu (mtundu wa Linux) amene mwaika mu VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera kompyuta yongoyerekeza mkati mwa kompyuta yanu, akulowa pa intaneti bwinobwino koma laputopu ya mnzanu pa wifi yomweyo sikumuona. Palibe chomwe mwaononga. VirtualBox ikamapanga mashini atsopano, kompyuta yongoyerekeza ija, imaika yokha adaputala yoyamba ya netiweki pa NAT, njira yolowera pa intaneti kudzera pa adilesi ya kompyuta yanu, ndiye Ubuntu wanuyo amalandira IP (adilesi ya pa netiweki) 10.0.2.15, gateway (khomo lotulukira) 10.0.2.2, ali ngati wabisala kuseri kwa kompyuta yanu, iye atha kutuluka koma wakunja sangamufikire.

Zimitsani kaye mashiniwo, kuzimitsa kwenikweni osati Save State, pitani ku Settings, Network, sinthani NAT ikhale Bridged Adapter, musankhe kadi ya wifi yanu. Akayaka atenga IP ku rauta ngati foni ina iliyonse. Adapter Type ija ya Intel PRO/1000 musaikhudze, ili bho.

Koma chomwe ndikupemphani kwambiri, musanasinthe kalikonse lembani mmene zinaliri. Ine chaka chatha kuno ku Matawale ndinasinthasintha netiweki, display, storage usiku umodzi, kutacha mashini osayaka ndipo sindimakumbukanso chomwe ndinagwira, tsiku lonse linapita pamenepo. Panopa ndimayamba ndi kulemba lamulo ili pa kompyuta yeniyeni, osati mu Ubuntu wa mu VirtualBox: VBoxManage showvminfo "dzina la mashini" --machinereadable, limaonetsa ma settings onse a mashiniwo, zotulukazo ndimasunga mu fayilo ya txt pa flash. Komanso ku General kuli Description, lembanimo deti ndi chomwe mwasintha. Zikakanabe ponyani pano zomwe lamulo la ip addr likuonetsa mu terminal ya Ubuntu tione limodzi.