Kwa achimwene ofuna paddlefish ndi miyala pa ulendo umodzi

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mukufuna kupita ndi alamu ndi ana ku mtsinje wa Yellowstone ku Montana, m'dziko la America, inu mukagwire nsomba yaikulu ija yotchedwa paddlefish n'kuiphika konko, alamu akatole miyala ya agate, ndipo mukufunsa nyengo yabwino, zonyamula ndi kaphikidwe kake. Pitani ndithu, ulendowu ndi wokoma. Koma musanapemphe tchuthi kuntchito dziwani kuti nsombayi imabwera mtsinje ukamadzaza, pomwe miyala imaoneka mtsinje ukaphwa. Mukapanda kusankha bwino masiku, mmodzi wa inu adzabwerako chimanjamanja.

Paddlefish za kumeneko zimakhala m'nyanja ya Sakakawea ku North Dakota, kuseri kwa damu la Garrison. Chipale chikayamba kusungunuka m'mapiri, mtsinje umakwera n'kuda bii ndi matope, ndipo nsombazi zimanyamuka kukwera mtsinje wa Missouri n'kulowa Yellowstone kukaikira mazira pa nsangalabwi, monga momwe mpasa umachokera m'nyanja n'kukwera Bua kwathu kuja. Zambiri zimaunjikana kumunsi kwa damu laling'ono la ulimi wothirira lotchedwa Intake, makilomita osakwana 30 kuchokera m'tauni ya Glendive. Mu 2022 anatsegula ngalande yolambalala damulo kuti nsomba zizitha kudutsa, ndipo paddlefish nazo zimadutsamo, choncho mukafika funsani ogulitsa zowedzera ku Glendive komwe nsomba zili sabata imeneyo. Nyengo yogwira chigawo chimenechi imatsegulidwa pa 15 Meyi. Langizo langa ndi lakuti mukhalepo masiku oyambirirawo. Nthawi imeneyo mtsinje umakhala usanafike pachimake, zisumbu zina za miyala zikadali pamtunda, ndiye alamu angapezeko kanthu. Mukadikira mpaka Juni, madzi amakhala ataphimba zonse. Chifukwa china n'chakuti boma limaika malire a nsomba zophedwa, kwa zaka zambiri akhala 1,000, ndipo chiwerengerocho chikayandikira amatseka mwadzidzidzi, ngakhale kalendala ikunena kuti masiku akadalipo.

Za mapepala musachite nazo chibwana. Mufunika laisensi yowedzera ya Montana ndi tagi ya paddlefish (kachizindikiro komanga pa nsomba imene mwapha) ya chigawo chimene mukupitacho, pakuti tagi ya kumtunda kwa Missouri ndi ina ndipo siigwira ntchito ku Intake. Munthu mmodzi, nsomba imodzi, chaka chonse. Masiku ena ndi ogwira n'kubwezera m'madzi, ena ndi ogwira n'kutenga. Pa tsiku lotenga, imene mwakokayo ndi yanu, mumaimanga tagi pompo, ndipo simuloledwa kuibweza poti yachepa kuti muyese ina. Mukatero mumayenera kudziwitsa a nthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyama, Montana Fish, Wildlife & Parks, kuti mwapha nsomba. Tengani kabuku kawo ka malamulo ka chaka chomwecho muwerenge nokha, chifukwa masiku ndi maola amasinthasintha.

Ena amaona ngati malamulowa ndi ofinya, koma ine ndimawaikira kumbuyo. Yaikazi ya mtundu wa ku Yellowstone imatha zaka zoposa 15 isanayambe kuikira, ndipo siikira chaka ndi chaka. Zina zimakhala zaka zoposa 40, moti akatswiri amadula kafupa ka nsagwada n'kuwerenga mizere yake kuti adziwe msinkhu. Nsomba imene mudzakoke ikhoza kukhala yofanana nanu zaka. Inali ndi mbale wake mmodzi yekha padziko lonse, paddlefish ya mu mtsinje wa Yangtze ku China, imene inaoneka komaliza mu 2003 ndipo mu 2022 inalengezedwa kuti inatha. Madamu ndi kupha kopanda malire ndi zimene zinaimaliza. Yatsala ndi ya ku America yokhayi.

Tsopano kagwiridwe. Nyambo isiyeni kunyumba, paddlefish siidya mbedza. Imasambira kukamwa kuli yasa, n'kumasefa tizilombo tating'onoting'ono ta m'madzi. Chimphuno chake chonga nkhafi, chimene chimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lonse, chili ndi timabowo tambirimbiri tomva mphamvu ya magetsi yochokera m'tizilomboto, n'chifukwa chake imapeza chakudya m'madzi a matope momwe maso sathandiza. Ndiye kugwira kwake ndi kokola. Mumaponya kutali mbedza yaikulu ya mano atatu, saizi 8/0, yokhala ndi mtovu wolemera magalamu 110 mpaka 170 kunsonga kwa chingwe, n'kumakoka mwamphamvu cham'mbali, kukulunga chingwe, kukokanso, mpaka mbedza itakola nsomba paliponse pathupi. Ndodo ikhale yaitali mamita atatu kapena kuposerapo, ya mtundu wowedzera m'mphepete mwa nyanja yamchere, chingwe chikhale chopirira makilogalamu 25 kupita m'mwamba. Mitovu ndi mbedza gulani zambiri, pansi pa Intake pali miyala yokhayokha ndipo zimatsalira momwemo. Magolovesi musaiwale.

Ntchitoyi ndi ya msana ndi mapewa. Mukhoza kukoka m'mawa wonse osamva kanthu, kenako ndodo n'kuima nji ngati mwakola chitsa, chitsacho n'kuyamba kuthawa. Zazimuna zimalemera makilogalamu 10 mpaka 20, zazikazi 25 mpaka 40, zina kuposa apo. M'boma la Missouri mu 2024 munthu anakoka ya makilogalamu oposa 74. Pagombe pamakhala anthu ambiri moyandikana, ndiye wina akakuwa kuti wakola, enanu kulungani zingwe mumupatse mpata. Ana akhale kutali kumbuyo, mtovu wouluka ndi mbedza ya mano atatu si zoti zidutse pafupi ndi mutu wa mwana. Mukakola nsomba ina ya mamba olimba ngati mafupa m'mbali ndi pamsana, imeneyo ndi sturgeon. Ibwezeni m'madzi msanga. Mtundu wina wotuwa, pallid sturgeon, uli pa mndandanda wa zotetezedwa ndi boma la America kuyambira 1990, ndipo kwa mlendo n'kovuta kuusiyanitsa ndi mnzake wamba.

Anthu amene amati paddlefish siikoma, ambiri anailakwira pa ola loyamba. Mukangomanga tagi ndipo akatswiri a pagombepo aiyeza, ichotseni magazi. Imangeni mutu m'mwamba, chekani mozungulira pafupi ndi mchira osaudula wonse, magazi atsike. Kenako potozani mchirawo n'kukoka pang'onopang'ono, mudzaona chingwe choyera chofewa chikusololoka kuchokera mumsana monse. Nsombayi ilibe minga, ilibe mamba, mafupa ake ndi ofewa, ndiye chingwecho chikatuluka zotsalazo n'zosavuta. Tumbulani, chotsani mutu, dulani minofu, sendani khungu.

Apa ndiye mvetsetsani. Pansi pa khungu pali mnofu wofiira ndi mafuta achikasu, ndipo fungo lonse la matope limene anthu amadandaula nalo lili mmenemo. Chotsani wonse, musasiye ngakhale kamzere. Dzanja lidzakana, chifukwa ife tinaleredwa kuti nsomba siitayidwa kanthu, ndipo mudzaona mulu wa zotaya ukuposa wa zodya. Pa nsomba yonse, mnofu woyera umene mudzatsale nawo mwina ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kucheperapo. Ngakhale zili choncho ndi wambiri, banja lonse lidzadya n'kutsala wopita nawo kunyumba. Mpeni ukhale wakuthwa, nolo ikhale pafupi, khungu lake limabunthitsa mpeni msanga. Mnofu woyerawo utsukeni, muuike m'madzi ozizira a mchere ndi ayezi mu kulabokosi kwa maola angapo kapena usiku wonse, mukusintha madzi akafiira. Ena amauviika mu mkaka, zimathandizanso.

Kuyambira 1990, a zamalonda a ku Glendive anakhala zaka zambiri akukonzera anthu nsomba ulere pa Intake posinthana ndi mazira, amene ankapanga caviar (mazira a nsomba othira mchere, chakudya cha mtengo wapatali) n'kugulitsa, ndalama zake n'kumathandiza ntchito za m'deralo ndi kafukufuku wa nsombayi. Mukawapeza alipo, apatseni, amadula mwaluso. Koma pitani mutakonzeka kuchita nokha. Mazirawo, akuda motuwira, musayerekeze kugulitsa kwa aliyense ngakhale akunong'onezeni mtengo wabwino. Ndi mlandu waukulu, ndipo mu 2013 ku Warsaw, m'boma la Missouri, anthu oposa 100 anagwidwa pa nkhani yomweyi.

Kuphika kwake n'kosavuta mnofu ukakhala woyera bwino. Ndi wolimba, suphwanyika pamoto, ndipo uli ndi mafuta ake, choncho makala amaukonda. Dulani zidutswa zochindikala ngati zala ziwiri, pakani mchere, adyo, tsabola ndi mandimu, dikirani theka la ola, muwotche pa makala oyaka bwino mphindi zinayi kapena zisanu mbali iliyonse. Ngati muli ndi choyezera kutentha, pakati pafike madigiri 63 pa Celsius, ndipo pomwepo chotsani, ukapsa kwambiri umauma n'kuvuta kutafuna. Njira ya eni dera ndi kudula timagawo tating'ono, kutigubuduza mu ufa wachimanga wa mchere ndi tsabola, n'kukazinga m'mafuta otentha. Ana amakonda imeneyi. Ena amawiritsa timagawoto m'madzi a mchere ndi shuga pang'ono n'kumasunsa mu batala wosungunula. Ine ndimakonda kukazinga kaye pang'ono mpaka kunja kufiire, kenako kuponya mu supu ya anyezi ndi tomato kwa mphindi khumi zokha. Nyamulani ufa ndi mthiko, ndi nsima imayenda bwino kwambiri. Wotsalawo, ngati muli ndi nthawi, uwambeni pa utsi wa moto wozizirira mutauviika mu mchere, mafuta akewo amachititsa kuti usaume gwa. Funsani kaye ngati moto wa nkhuni ukuloledwa pamalo ogonapo, ndipo kasitovu ka gasi kakhalepo.

Tibwere kwa alamu. Agate wa ku Montana amapezeka mu nsangalabwi za Yellowstone kuyambira kumunsi kwa Billings mpaka cha ku Sidney, ndipo Glendive ili mkati mwenimweni mwa chigawo chimenecho. Mwalawu, limodzi ndi sapphire, unasankhidwa mu 1969 kukhala mwala wa boma la Montana. Ukadulidwa n'kupukutidwa, mkati mwake mumaoneka ngati muli timitengo, ndere kapena mapiri akutali. Zakudazo ndi manganese, zofiirazo ndi chitsulo, zinalowa m'ming'alu ya mwalawo kalekale. Koma uli pansi suoneka choncho. Kunja kwake ndi kotuwa, kokumbikakumbika, wosaudziwa amauponda n'kupitirira. Alamu anyamule botolo lopopera madzi, kachitsulo kotokosera ndi chikwama cholimba. Aziyenda pang'onopang'ono dzuwa lili kutsogolo kwawo, m'mawa kapena chakumadzulo, chifukwa kuwala kumalowa mu agate n'kumuonetsa ngati phula pakati pa miyala yakufa. Akakayikira mwala, aunyowetse n'kuukweza kudzuwa. Mvula ikangokata ndiye nthawi yabwino koposa, miyala imakhala yotsukika. Adzapezanso jasper wofiira ndi wachikasu, komanso mitengo imene inasanduka miyala, yooneka mizere ya thabwa bwinobwino.

Lamulo la Montana la 1985 limalola aliyense kuyenda m'mtsinje ndi m'gombe mpaka pamzere umene madzi amafika akadzaza mwa nthawi zonse. Kupitirira pamenepo ndi malo a eni, ndipo kudutsa m'munda mwa munthu popita kumtsinje kumafuna chilolezo chake. Lowerani pamalo a boma olowera asodzi, alipo angapo pakati pa Miles City, Terry, Glendive ndi Sidney. Pa malo a nthambi ya boma la America yotchedwa Bureau of Land Management mumaloledwa kutola miyala yoti musunge nokha, ndipo mitengo yosanduka miyala malire ake ndi mapaundi 25 ndi chidutswa chimodzi patsiku. Mafupa a nyama zakale musakhudze. Mukapitirira ulendo mpaka ku Yellowstone National Park, kumeneko ngakhale kamwala kamodzi sikatoledwa.

Munatchula zobwereka bwato kuti mufike pazisumbu. Mu Meyi, ndi ana, ine ndikukanizani. Madzi amakhala ozizira kwambiri, othamanga, onyamula mitengo yathunthu, ndipo mtsinjewu uli ndi madamu aafupi odutsa m'lifupi monga la Cartersville pa Forsyth ndi la Intake lomwelo, amene saoneka bwino uli m'bwato koma kumunsi kwake madzi amazungulira n'kumiza munthu. Ngati bwato likufunikadi, lipirani munthu wa konko wodziwa mtsinje, ndipo aliyense avale jekete loyandamitsa. Ulendo wa bwato wotola miyala usungireni kumapeto kwa Ogasiti kapena Seputembala, madzi ataphwa n'kusiya miyala yatsopano imene chigumula chagubuduza. Pagombe yang'anirani njoka za rattlesnake m'maudzu ndi pansi pa zipika, ndipo madzulo muziwafufuza ana nkhupakupa.

Mukapeza mtsinje wakwera msanga n'kuphimba zisumbu, tsikulo lisawonongeke. Pafupi ndi Glendive pomwepo pali Makoshika State Park, malo a zigwembe ndi zitunda zokokoloka komwe kunafukulidwa mafupa a zinyama zikuluzikulu zakale zotchedwa Triceratops ndi Tyrannosaurus, ndipo ana akaona chigaza cha Triceratops m'nyumba yolandirira alendo. Kumeneko n'koona ndi maso basi, kutola n'koletsedwa. M'tauni mulinso ogulitsa miyala amene angawaonetse alamu agate wosadula kuti maso awo azolowere, ndipo ena amadula ndi kupukuta mwala umene mwatola mukawalipira pang'ono.