Kodi "ferro" ameneyu ndi chitsulodi, kapena ndi dzina chabe?

Wowerenga wina, yemwe akuphunzira fizikisi, wanditumizira imelo. Akuti barium titanate amatchedwa ferroelectric pomwe mulibe chitsulo, nanga "ferro" akuchokera kuti? Akufunsanso chifukwa chake akatswiri amavutika kusakaniza zinthu ziwiri m'malo mopeza chimodzi chochita zonse, za maginito ndi za magetsi zomwe.

Mwakayikira poyenera, dzinali n'losocheretsadi. Ferrum ndi chitsulo m'Chilatini, koma mchere wa Rochelle umene Joseph Valasek ankayesa mu 1920 unalibe chitsulo ngakhale pang'ono. Iye anangoona kuti mcherewo ukuchita ndi magetsi zomwe chitsulo chimachita ndi maginito. Ukauika m'mphamvu ya magetsi, mbali ina imakhala positive, ina negative, ndipo ukachotsa mphamvuyo subwerera mmene unalili. Dzina linangobwerekedwa basi.

Chibale cha zinthu zonse za ferroic, kutanthauza za maina oyamba ndi "ferro", ndi kusaiwala kumeneku. Za ferromagnetic zimasunga maginito, za ferroelectric zimasunga kupendekeka kwa magetsi, za ferroelastic zimasunga kupindika. Choziiwalitsa ndi kutentha: chitsulo chimataya maginito ake pa 770°C, pomwe barium titanate amagonja msanga, cha pa 120°C.

Funso lanu lachiwiri ndiye lili ndi mnofu. Aliyense amalakalaka chinthu chimodzi chomwe ungatembenuze maginito ake ndi voteji yokha, chifukwa memori ya kompyuta yotero ingadye magetsi ochepa kwambiri. Koma maatomu amakana. Maginito amafuna ma electron osakwanira m'chigawo cha atomu chotchedwa d, pomwe titanium wa mu barium titanate amasuntha kuchoka pakati pa malo ake chifukwa chigawo chomwecho chili chopanda kanthu. Nicola Hill, yemwe pano amadziwika kuti Nicola Spaldin, anafotokoza bwino kusamvana kumeneku mu 2000. Bismuth ferrite amazemba vutoli pogawa ntchito, bismuth za magetsi, chitsulo za maginito. Komatu maginito ake ndi ofooka, popeza maatomu oyandikana amaloza mosiyana n'kumafafanizana, ndiponso bismuth ferrite amadontha magetsi. Kwa ine, kutchuka kwake kwaposa ntchito yomwe wagwira.

Ndiye kusakaniza kuja. Cobalt ferrite akamva maginito amasintha kutalika pang'ono. Barium titanate akafinyidwa amatulutsa voteji. Ukawamatiza, woyamba amakoka kapena kukankha mnzake, voteji n'kutuluka. Palibe mwa awiriwa amene angachite zimenezi payekha. Akatswiri a ku Philips ku Netherlands anaonetsa izi kale m'ma 1970.

Ntchito yonse imachitikira pamalire pomwe awiriwa akhudzana, n'chifukwa chake anthu anathamangira ku tizidutswa ta nano, tating'onoting'ono kwambiri, tomwe timachulukitsa malirewo. Ena amaika cobalt ferrite pakati n'kumukuta ndi barium titanate ngati chikhokhombe, kuti tizidutswa ta ferrite tisagundane n'kutsegula njira yothawira magetsi.

Kuchepetsako kuli ndi polekezera. Kachidutswa ka magnetite, mwala wa chitsulo wokhala ndi maginito, kakachepera pafupifupi ma nanomita 20, kutentha wamba kwa m'chipinda kumakwanira kutembenuza maginito ake uku ndi uku, ndiye sikasunganso kanthu. Kwa opanga memori limeneli ndi tsoka. Achipatala amakondwera nalo, chifukwa tizidutswa totere, tomwe tina timathandiza pojambula thupi ndi MRI, sitimamatirana m'magazi maginito akachotsedwa.