Kodi akazi olemera ankakhala motani pa nthawi ya nkhondo ya ufulu wa America?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa ngati akazi a m'mabanja olemera a ku America, pa nthawi imene dzikolo linkamenyera ufulu wodzilamulira kuchoka m'manja mwa Britain, ankangokhala pakhonde kudikira kutumikiridwa, komanso ngati chumacho chinalidi chawo. Zikomo pofunsa. Ndikuyankhani kudzera m'moyo wa Martha Washington, mkazi wa George Washington yemwe ankatsogolera asilikali a America pa nkhondoyo, chifukwa mbiri yake imadziwika bwino ngakhale kuti iye anawotcha pafupifupi makalata onse amene ankalemberana ndi mwamuna wake.

Ndiyambe ndi za chuma, popeza nkhani yagona pamenepo. Martha anabadwa mu 1731 ku Virginia, ndipo mu 1750 anakwatiwa ndi Daniel Parke Custis, mlimi wa fodya wolemera kwambiri. Bamboyu atamwalira mu 1757 osasiya wilo, Martha, yemwe anali ndi zaka 26 zokha, anatsala akuyang'anira minda yoposa maekala 17,000 ndi akapolo pafupifupi 300, ndipo ankalemba yekha makalata kwa amalonda a ku London amene ankagulitsa fodya wa banjalo. Mphamvu zimenezi zinatha mu Januwale 1759 pamene anakwatiwa ndi George Washington, pakuti malamulo ochokera ku England ankati mkazi akalowa m'banja, katundu wake aziyendetsedwa ndi mwamuna. Ndiponso gawo lake linali limodzi mwa magawo atatu a chuma cha Custis, loti adyerere ali moyo basi, pomwe mwini wake weniweni anali ana. Choncho mkazi wamasiye anali ndi ufulu wambiri pa chuma kuposa mkazi wapabanja, ndipo nkhondo ya ufulu sinasinthe zimenezi.

Zongokhala pakhonde si zoona. Pa Mount Vernon, munda ndi nyumba ya banja la Washington ku Virginia, mayi wa pakhomo ankasunga makiyi a mosungira chakudya, ankayang'anira kufutsa nyama, kusoka zovala ndi kulandira alendo amene sankatha phazi. Chuma sichinamutchinjirizenso ku maliro: ana ake onse anayi anamwalira iye ali moyo. Patsy anafa ndi khunyu mu 1773, ndipo Jacky anadwalira kumsasa wa asilikali ku Yorktown n'kumwalira mu 1781. Nkhondo ili mkati, Martha ankapita kukakhala ndi mwamuna wake kumisasa nyengo iliyonse yozizira, kuphatikizapo ku Valley Forge mu 1778. Pofuna kudziteteza pa maulendowa, mu 1776 analola kutemeredwa nthomba m'njira ya nthawiyo, yocheka khungu n'kupakapo mafinya a munthu wodwala, yomwe inkapha ena mwa otemeredwa.

Koma sindingakuyankheni moona ndikabisa kuti ntchito yaikulu ya mayiyu inali yolamula anthu amene ankagwira ntchito popanda malipiro. Ophika, ochapa ndi osoka pafupifupi onse anali akapolo, ndipo palibe chosonyeza kuti Martha ankaona cholakwika pa zimenezi. Mtsikana wina wotchedwa Ona Judge, amene ankamuveka ndi kumusamalira tsiku ndi tsiku, anathawa kuchoka ku Philadelphia, kumene banja la Washington linkakhala pa nthawiyo, mu 1796 atamva kuti aperekedwa ngati mphatso kwa mdzukulu wa Martha yemwe anali atangokwatiwa kumene. Banja la Washington linayesetsa kumubweza kuchokera ku New Hampshire, kumene anathawira, koma linalephera, ndipo zikuoneka kuti eni nyumba sankamvetsa n'komwe chimene munthu wovala bwino ndi wodya bwino angathawire.

George Washington atamwalira mu Disembala 1799, wilo yake inanena kuti akapolo ake 123 adzamasulidwe mkazi wake akadzamwalira. Zimenezi zinasiya Martha pakati pa anthu amene ufulu wawo unkadikira imfa yake, ndipo iye anawamasula msanga pa 1 Januwale 1801. Akapolo a chuma cha Custis, omwe analipo 153 mu 1799, malamulo sankalola kuti iye kapena mwamuna wake awamasule. Martha atamwalira mu Meyi 1802, anthuwa anagawidwa kwa adzukulu ake anayi, ndipo popeza ambiri anali atakwatirana ndi akapolo a Washington, mabanja ochuluka anapatukana, wina ali mfulu mnzake ali kapolo.