Boycott linali dzina la munthu

Mayi wina, mphunzitsi wa ku Balaka, wanditumizira imelo kufunsa kuti mawu oti boycott, amene amamveka kwambiri pawailesi nthawi ya chisankho, anachokera kuti, komanso ngati ali chimodzimodzi ndi strike. Zikomo mayi, mwafunsa za mawu amene mbiri yake imandigwira mtima.

Charles Boycott anali Mngelezi, msilikali wopuma ntchito, amene ankayang'anira malo a Lord Erne ku County Mayo, kumadzulo kwa Ireland. Iye ndiye ankatolera lendi kwa alimi okhala pamalowo, ndipo wolephera kulipira ankamuthamangitsa. Ngati munamvako za thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje, moyo umenewu simuvutika kuumvetsa.

Mu 1880 zokolola sizinachite bwino. Alimi anapempha kuti lendi itsike ndi 25 peresenti, mwini malo n'kulola 10 yokha, ndipo makalata othamangitsa mabanja 11 anatuluka. Masiku omwewo Charles Stewart Parnell, mtsogoleri wa bungwe lomenyera ufulu wa alimi a lendi la Land League, anali atalangiza anthu m'tauni ya Ennis kuti wotenga malo a mnzake wothamangitsidwa asamuchite chipongwe, angomusala basi.

Nzeru imeneyi inagwera Boycott. Antchito ake a kumunda, a kukhola, ngakhale a m'nyumba, onse anachoka. Wosula zitsulo anamukana, mayi womuchapira zovala analeka, masitolo a ku Ballinrobe osamugulitsanso kanthu. Tisabise, ena mwa anthuwa anachoka chifukwa choopsezedwa ndi anzawo, ndipo mbali imeneyi sindiikonda. Komabe mbewu zinangokhala m'munda, wokumba palibe. Mu November kunabwera amuna 50 ochokera ku Cavan ndi Monaghan kudzamukololera, akulonderedwa ndi asilikali ndi apolisi pafupifupi 1,000. Akuti panalowa mapaundi 10,000 populumutsa zokolola za mapaundi 500. Pofika December, Boycott anali atasamuka ku Ireland.

Dzina lake linatsala. Amati amene anaganiza zolisandutsa mneni ndi wansembe wa m'deralo, Bambo John O'Malley, poona kuti mawu oti ostracise, otanthauza kusala munthu, anali ovuta kwa anthu wamba. Chakacho chisanathe manyuzipepala anali akulilemba kale, ndipo posakhalitsa linalowa m'Chifalansa ndi m'Chijeremani.

Tsono za strike zija. Chimene chimatisokoneza n'chakuti ife timati kunyanyala pa zonse ziwiri: kunyanyala ntchito, kunyanyala chisankho. Chingerezi chimasiyanitsa. Strike ndi ya antchito, amene amaleka ntchito pofuna kuti abwana awo awamvere. Boycott ndi ya aliyense, kaya wogula, wovota kapena wokwera basi, bola anthu agwirizane kukana munthu, kampani kapena chochitika mpaka zinthu zisinthe. Mu 1957 anthu a ku Alexandra, ku Johannesburg, anakana kukwera mabasi mtengo utakwera ndi peni imodzi. Kwa miyezi pafupifupi itatu ankayenda wapansi popita ndi pobwera kuntchito, akufuula kuti "Azikwelwa!", kutanthauza kuti sakweredwa. Ntchito sanaleke ngakhale pang'ono, choncho imeneyo sinali strike.

Pofotokozera ana m'kalasi, mayi, apatseni chitsanzo chapafupi. Aphunzitsi mukaleka kuphunzitsa chifukwa malipiro achedwa, ndi strike. Makolo akapangana kuti asagulenso yunifolomu kusitolo imene yakweza mitengo mopanda chilungamo, ndi boycott.