Funsani Abusa: Bwanji Mulungu amangoonekera kwa anzanga okha?

FUNSO: Abusa, ndine mayi wa ana awiri ndipo ndinayamba kupemphera ndili mtsikana. Koma pali chinthu chimandisowetsa mtendere, kutchalitchi ikafika nthawi ya maumboni anzanga amaimirira, wina akuti anachira madokotala atalephera, wina Mulungu anamulankhula kutulo, wina wapeza ntchito yoti sanafunsire n'komwe, ine phee pampando ndilibe chonena. Moyo wanga ndi kudzuka, kukonzekeretsa ana, kuntchito, kubwerako nditatheratu, kuchapa, kugona basi. Ndikamapemphera sindimva kalikonse olo kutentha mumtima komwe ena amanenaku. Kodi Mulungu alimodi m'masiku ngati amenewa kapena pali pomwe ndimalakwitsa? Ndine mayi wodandaula.

YANKHO: Mayi, khazikani mtima pansi kaye, pa zomwe mwalembazi ine sindikuonapo tchimo. Chomwe ndikuona n'choti mukuyeza sabata yanu yonse ndi kanthawi kochepa komwe mnzanu wagwira maikolofoni. Wopereka umboni uja nayenso amachapa, amatopa, ana amamuzunguza mutu, kungoti zimenezo sazinena kutsogolo. Sindikuti maumboni ndi abodza ayi, koma atsogolerife tinazoloweretsa anthu kuwomba m'manja pa zodabwitsa zokhazokha, moti munthu woti wangodutsa sabata bwinobwino amayamba kudziona ngati waiwalidwa.

Tatsegulani 1 Mafumu 19. Ambiri amathamangira pa vesi 11 ndi 12 pomwe Eliya ali paphiri la Horebu, kukubwera chimphepo chong'amba mapiri, kenako chivomezi, kenako moto, monsemo Yehova mulibe, n'kudzabwera m'kamawu kapansipansi. Zoona ndithu. Koma ine ndimakonda m'mbuyo pang'ono, vesi 4 mpaka 8. Eliya wathawa Yezebeli, walema, wakhala pansi pa kamtengo m'chipululu mpaka akupempha kuti bola angofa. Mngelo atabwera sanamulalikire, sanamufunse kuti nanga chikhulupiriro chija chapita kuti, anangomudzutsa kuti adye mkate amwe madzi, Eliya n'kugonanso, mngelo n'kumudzutsanso kachiwiri kuti idya poti ulendo ndi wautali. Tulo, chakudya, madzi, ndi mmene Mulungu anamufikira tsiku limenelo. Ndipotu uyu ndi munthu woti m'chaputala 18 waona ndi maso moto ukutsika kumwamba paphiri la Karimeli, koma moto umenewo sunamuletse kufooka.

Ndiye pali china chomwe sitimachinena kawirikawiri, nthawi zambiri munthu amazindikira kuti Mulungu analipo zinthu zitadutsa kale. Pa Luka 24 anthu awiri aja anayenda ndi Yesu kuchoka ku Yerusalemu kupita ku Emau, makilomita pafupifupi 11, akucheza naye, mpaka kumamufotokozera nkhani ya iye mwini wake ngati mlendo woti sanamve kanthu, osamuzindikira olo pang'ono. Maso anadzatseguka patebulo Yesu akunyema mkate ndipo pomwepo iye anazimiririka, apo m'pamene anayamba kufunsana kuti paja mitima imatentha panjira paja eti. Ali panjirapo ankangodziona ngati anthu okhumudwa akubwerera kwawo.

Za kumva mumtima musazipatse mphamvu kwambiri. Mother Teresa, sisitere wachikatolika yemwe anamwalira mu 1997, makalata ake atasindikizidwa mu 2007 anthu anadabwa kuona kuti kwa zaka zambirimbiri ankapemphera osamva kalikonse, mdima wokhawokha, koma m'mawa uliwonse ankadzuka kukasamalira odwala ku Kolkata, ku India. Kumva kumasintha ndi tulo, njala, nkhawa, ngakhale mutu ukangowawa, nde sikungakhale sikelo yoyezera ngati Mulungu ali nanu.

Poti mwatchula zochapa, ndikuuzeni za Brother Lawrence. Anali msilikali kenako analowa m'nyumba ya amonke achikatolika a chipani cha Akarimeli ku Paris, ku France, sanali wansembe, anamuika kukhitchini ntchito yoti sankaikonda n'komwe, ndipo anakhalako zaka zambiri asanamusamutsire kosoka nsapato. Chomwe ankachita ndi kulankhula ndi Mulungu timawu tifupitifupi ali pakati pa mapoto, akaiwala osadzizunza, kungoyambiranso. Anamwalira mu 1691 koma mpaka lero akhristu a mipingo yosiyanasiyana amaphunzira kwa munthu wakukhitchini ameneyu. Inunso manja ali m'madzi a sopo mutha kunena kuti Ambuye ndatopa khalani nane, limenelo ndi pemphero lathunthu, silidikira kuti mugwade.

Yesaninso zomwe Ignatius wa ku Loyola, woyambitsa chipani cha Ajezuiti yemwe anamwalira mu 1556, ankaphunzitsa anthu ake. Usiku musanagone, foni ikani patali, bwererani m'tsiku lanu kuyambira podzuka mpaka pomwe mulipo, pang'onopang'ono, muone pomwe munalandira kanthu ndi pomwe mtima unauma. Poyamba mudzati palibe. Kenako mudzakumbukira kuti powoloka msewu kamwana kanu kanalowetsa kadzanja kake m'dzanja lanu osanena kanthu, kapena kuti mnzanu wakuntchito atakuputani mawu owawa anafika pakamwa penipeni koma munawameza, inu nomwe mukudziwa kuti chaka chatha mukanamuyankha mpaka ofesi yonse kumva. Kuleza mtima kumeneko kunachokera kuti? Agalatiya 5:22-23 akukutchula pakati pa zipatso za Mzimu limodzi ndi chikondi, mtendere, chifatso ndi kudziletsa. Zoterezi lembani m'kabuku, mzere umodzi kapena iwiri, chifukwa mutu wa munthu umasunga zowawa, zabwino zing'onozing'ono zimathawa msanga.

Koma chonde musapitirire nazo mpaka kumaona chizindikiro paliponse. Ndakumanapo ndi abale oti foni ikalira akupemphera akuti ndi yankho, akatsegula Baibulo mwachisawawa vesi lomwe chala chagwera akuti Mulungu walamula, ena mpaka kusiya ntchito kapena kuthetsa chibwenzi pa zifukwa ngati zimenezi. Kumeneko ndi kuombeza kovala suti. Kuzindikira Mulungu m'zazing'ono kumabala kuthokoza ndi mtendere, mukaona kuti kukubala mantha ndi kumangodzifunsa kuti kodi ichi chikutanthauza chani, siyani, pitani mukacheze ndi mkhristu wokhwima amene mumamukhulupirira.

Mwati mumabwerako mutatheratu, pamenepa ndipafunse bwino. Ngati ndi kutopa kwa ntchito, pemphani akunyumba akuthandizeni zina mugoneko mokwanira, si ulesi. Koma ngati papita masabata tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, mukumangolira popanda chifukwa ndipo zomwe munkazikonda sizikukusangalatsaninso, musangoti ndi kuuma kwauzimu, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi, uku mukupemphera. Mudzandilemberenso pakatha mwezi mundiuze zomwe zalowa m'kabuku kaja.