Tikongole ndalama pokonzekera masewero aakulu?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Mufakose mumzinda wa Harare, ku Zimbabwe. Ndimagulitsa nsima pafupi ndi pokwerera makombi, amuna anga ndi telala. Malemu bambo anga, a ku Dedza, ankasimba kuti anapha makwacha pogulitsa nsima mu 1995 nthawi ya All-Africa Games. Pano anthu akunena kuti masewero aakulu abweranso kuno. Amuna anga akuti tikongole madola 3,000, timange zipinda ziwiri za alendo kuseri kwa nyumba, tigulenso makina ena osokera. Kumukando, gulu lathu losunga ndalama, ndili ndi madola 600 okha. Titani?

Yankho: Mayi, choyamba afunseni bambo a kunyumba kuti masewerowo ndi ati, ndipo ayamba tsiku liti. African Games, dzina latsopano la All-Africa Games, ya 2027 inaperekedwa ku Egypt. Chimene Zimbabwe ili nacho m'manja chaka chimenecho ndi chikho cha dziko lonse cha cricket, chogawana ndi South Africa ndi Namibia. Ngakhale tsiku lolengezedwa limasuntha. Masewero a ku Accra anayenera kuchitika mu 2023, koma anachitika mu Malichi 2024. Munthu wa ku Ghana amene anatenga katapira poyembekezera alendo anakhala miyezi ingapo akulipira chiwongoladzanja, mlendo osaoneka. Wachimbadzo, monga amamutchulira anzathu a Chishona, safuna kumva zoti sitediyamu sinathe.

Bambo anu sankanama. Mu Seputembala 1995 Harare inadzaza, mayiko opitirira 40, South Africa n'kubwera koyamba tsankho litatha. Koma zonsezo zinali za masabata osakwana awiri. Ndipo taganizirani amene ankagula nsima yawoyo. Wothamanga sadya pamsewu. Amagona pamalo owakonzera, chakudya chimaphikidwa ndi kampani imene inapambana tenda, akuluakulu amagona kuhotela m'tauni. M'kati mwa sitediyamu mumagulitsa okhawo amene alipira chilolezo, ndipo alendo akamayandikira m'pamene akhonsolo amalimbikira kupirikitsa mavenda m'misewu. Ndikukhulupirira kuti makasitomala a bambo anu anali anthu omwe ano, a ku Mbare, Highfield ndi Warren Park, opita kukaonerera.

Ndalama yeniyeni ya munthu wophika imabwera masewero asanayambe. Dziwe losambiramo la Chitungwiza Aquatic Complex linamangidwira masewero a 1995 omwewo, ndipo amisiri amene ankaponda matope kumeneko ankadya masana alionse kwa miyezi yambiri. Mukadzamva kuti kwinakwake akukonza sitediyamu kapena msewu, pitani mukaonane ndi kapitawo, mugwirizane zowaphikira anyamata ake, azilipira pasabata. Zimenezi sizifuna ngongole, zimafuna mapoto awiri aakulu ndi mtsikana wokuthandizani.

Za zipindazo, ndikuti ayi. Dziwe la ku Chitungwiza lija pano limadziwika ndi madansi a oimba ndi misonkhano kuposa kusambira. National Sports Stadium, ya anthu 60,000, inaletsedwa ndi CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, kuchititsa mipira ya mayiko, timu ya dziko ya Warriors n'kumakasewera mpira wa pakhomo kunja kwa dziko. Ngati boma limapuma movutika posamala chimene linamangira masiku ochepa, nanga inu?

Tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti chipinda chimodzi mwapeza walendi wa madola 60 pamwezi. Ziwiri ndi 120. Kuti 3,000 ibwerere papita miyezi 25, osawerengera pulani ya kukhonsolo, madzi, ndi mwezi umene walendi adzakuuzeni kuti malipiro achedwa. Wakatapira akati 20 pa 100 pamwezi, chiwongoladzanja chokha ndi 600. Zipinda n'zabwino, koma muzimange pang'onopang'ono, mwezi uno njerwa, mwezi wamawa malata, podziwa kuti odzagonamo ndi alendi a chaka chonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Makina osokera ndiye nkhani ina, pamenepo bambowo aganiza bwino. Makina sadikira masewero. Mu Januwale pali mayunifolomu a sukulu, pali amayi a Mvano, makwaya, magulu othandizana pamaliro, matimu a mpira a m'makomboni. Ikani 600 ya kumukandoyo pa makina amphamvu ogulidwa kwa wina, muwayese kaye musanapereke ndalama. Masewero akadzabwera adzakupezani muli pantchito kale.

Chenjezo limodzi kwa atelala: chizindikiro cha masewero chili ndi eni ake. Mukachidinda pamalaya popanda chilolezo, katundu akhoza kulandidwa. Sokani zipewa ndi masikafu a mitundu ya mbendera basi.

Akafuna ntchito yaikulu, monga mayunifolomu a anthu othandiza pamasewero, pamafunika mapepala. Kuti ugulitse katundu kuboma uyenera kulembetsa ku PRAZ, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, ndipo tax clearance, chikalata cha bungwe la misonkho la ZIMRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndi yofunika, apo ayi wokulipirani amadula 30 pa 100 pa kontirakiti yaikulu. Telala wa makina awiri sangapambane tenda yotere, koma kampani yopambanayo nthawi ikaithera imagawa ntchito kwa amisiri ang'onoang'ono. Pamenepo musamachite manyazi: theka la ndalama lichoke nsalu isanadulidwe, ndipo zilembedwe papepala kuti malipiro ndi a madola a ku America kapena a ZiG, ndalama ya dziko la Zimbabwe. Mukukumbuka kuti ZiG inayamba mu Epulo 2024, pofika Seputembala inagwa ndi zoposa 40 pa 100 tsiku limodzi. Ine ndinaonapo mmisiri wina amene anadikira malipiro miyezi isanu, ndalamazo pobwera sizinakwanenso kugula nsalu imene anagwiritsa ntchito.

Mundilemberenso kuti mumagulitsa mbale zingati patsiku ndi mtengo wa makina amene mwawaona, tiwerengere kuti abweza ndalama yake mwezi uti.